Lumo lachitsulo likukupwetekani? Zoyenera kufufuza nkhope ikamapsa, ikamatuluka tiziphuphu kapena magazi

Kuno ku Joni dandaulo lake limakhala limodzimodzi, kaya lichokere kwa mnyamata woperekera zakudya ku Rosebank, mlonda wa ku Randburg kapena bambo wosoka zovala ku Fordsburg. Munthu watopa ndi mtengo wa mitu ya masheva a Gillette a Mach3 ndi Fusion. Wamva kuti lumo lachitsulo lolowetsamo lezala la mbali ziwiri, lija ankametera agogo athu, ndi lotchipa komanso limachepetsa tiziphuphu. Wagula lumolo, burashi ndi sopo wometera. Sabata isanathe khosi likuwotcha, chibwano chili ndi mabala, lumo laponyedwa m'kabati.

Zoti n'lotchipa n'zoona, paketi ya malezala a Minora kapena Super-Max siifika pamtengo wa mutu umodzi wa Fusion. Zoti limathandiza pa tiziphuphu n'zoonanso, koma pokhapokha dzanja litasintha, ndipo nkhani yagona pamenepa. Sheva yapulasitiki ndi yopepuka, mutu wa Mach3 umapendama wokha kutsatira nkhope, ndiye tonse tinakula tikukanikiza. Lumo lachitsulo n'lolemera ndipo mutu wake sugwedezeka. Kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni kuchokera mu 1904 pamene King C. Gillette anapatsidwa umwini wa luso lakelo. Mwini lumo ndiye amasankha kapendekedwe, ndipo kulemera kwa chitsulocho ndi kumene kumagwira ntchito. Kumeta nalo n'kupalira, osati kugalauza.

Musanafike pa vuto lanu, chitani ziwiri izi:

- Dziwani komwe ndevu zanu zagonera. Zisiyeni masiku 2 kapena 3, kenako yendetsani chala pankhope. Komwe chala chikuyenda mosalala ndi komwe ndevu zagonera. M'masaya nthawi zambiri zimaloza pansi, koma pakhosi ambiri a ife zimapita cham'mbali, zina zimakwera, zina zimazungulira. Amene amangometa kuchokera kumwamba kupita pansi amakhala akuzitukula ndevu zapakhosi osadziwa.
- Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha lezala, sopo ndi kagwiridwe tsiku limodzi, simudziwa chimene chinali kulakwa.

## Nkhope ikuwotcha mukangomaliza kumeta

Kuwotchaku kumayamba nthawi yomweyo, khungu limamveka lotentha ndi lonyerenyetsa, makamaka m'munsi mwa khosi, ndipo kumazirala pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kukanikiza. Onani pagalasi: ngati khungu likubonyoka pansi pa lumo, mukukanikiza. Gwirani chogwirira chakumapeto ndi zala zitatu, lumo lingotsamira pankhope.
2. Kubwereza malo amodzi popanda thovu. Lumo likadutsa, thovu lapita. Kubwerezanso pomwepo ndi kupala khungu. Siyani, malizani nkhope yonse, pakaninso thovu, ndiyeno mubwerere.
3. Kapendekedwe kolakwika. Ikani msana wa mutu wa lumo patsaya, chogwirira chitaloza kunja. Tsitsani chogwiriracho pang'onopang'ono mpaka mutamva lezala layamba kudula. Pamenepo, pafupifupi madigiri 30, ndiye poyenera. Mukatsitsa kwambiri mpaka chogwirira kuyandikira tsaya, lezala limakanda m'malo modula. Tsekani mpopi mumvetsere, kudula kumamveka mofewa, kukanda kumamveka mokhakhala.
4. Kumeta motukula ndevu pa ulendo woyamba. Ulendo woyamba uzitsatira komwe zagonera, nthawi zonse.
5. Zopaka mukamaliza. Sipiriti wapepo uja timamuona m'mababashopu ndi wotsukira zida ndi woyatsira sitovu. Pankhope yometedwa kumene amangoumitsa ndi kuwotcha. Ambiri timaganiza kuti kupweteka kwake ndi umboni woti akugwira ntchito, koma ayi ndithu. Mafuta onunkhira okhala ndi mowa wambiri nawonso ndi chimodzimodzi.
6. Sopo amene khungu lanu likudana naye. Izi si zofala. Mukamamva kuwotcha thovu lili pankhope lumo lisanafike, vuto ndi sopoyo, mwina mafuta onunkhiritsa kapena menthol amene ali mu Proraso wobiriwira ndi ena otero. Yesani wopanda fungo.

Chothandiza kupeza pomwe dzanja likulakwitsa ndi mwala wa alamu, umene m'mashopu ambiri a amwenye amaugulitsa pa dzina loti fitkari. Unyowetseni, muuyendetse pankhope mukamaliza kumeta. Pomwe ukuluma ndi pomwe munakanikiza kapena kubwereza. Pakatha theka la mphindi tsukani ndi madzi ozizira, chifukwa ukatsalira umaumitsa khungu. Nkhope ikapsa ipumitseni masiku awiri, muziiziziritsa ndi nsalu yonyowa ndi kupaka mafuta opanda mowa.

## Tiziphuphu totuluka patapita masiku

Ili ndiye vuto lalikulu kwa ife, ndipo malangizo ambiri a pa YouTube amatisocheretsa chifukwa owapereka ndevu zawo ndi zowongoka. Iwo amakuuzani kuti mumete maulendo atatu, womaliza motukula ndevu, mpaka nkhope isalale osamva kanthu ndi chala. Kwa munthu wa ndevu zopotana imeneyo ndiyo njira yachidule yopezera tiziphuphu.

Zimachitika motere. Ndevu yathu imamera mopindika kuchokera kumuzu. Lezala likaidula, nsonga yake imasongoka. Ikamakula imapindikira kukhungu n'kulibowola, kapena ngati inadulidwa pansi kwambiri, imasochera m'kati isanatuluke n'komwe. Thupi limayamba kulimbana nayo monga limachitira ndi chinthu chachilendo chilichonse, pamalopo n'kutupa. Madokotala amati pseudofolliculitis barbae. Si uve, si matenda opatsirana, ndipo Dettol kapena Savlon sangathetse, chifukwa muzu wake si tizilombo. Masheva a malezala ambiri, kuyambira Trac II ya 1971 mpaka Fusion ya malezala asanu, amakoka ndevu pang'ono asanaidule, yotsalayo n'kubwerera pansi pa khungu. Lezala limodzi silichita zimenezi, n'chifukwa chake limathandiza, koma mukalikakamiza kuti lifike pomwe ankafika asanu aja, mwabwerera pomwe munali.

Kusiyanitsa ndi kupsa kuja n'kosavuta: tiziphuphuti timatuluka patapita tsiku kapena masiku angapo, timalimba, ndipo mukayang'anitsitsa pamalo owala mumaona kandevu kopindika pamwamba kapena m'kati mwake.

Zoyambitsa:

1. Kumeta pafupi kwambiri ndi khungu. Njira zake ndi zitatu: kutukula ndevu, kukoka khungu ndi dzanja linalo kuti likungike, ndi kubwereza maulendo ambiri. Khungu lokokedwa likabwerera, ndevu yodulidwayo imabisala pansi. Metani ulendo umodzi motsatira ndevu. Ngati sizikukwanira, onjezani umodzi wopingasa m'masaya mokha. Pakhosi ulendo umodzi basi. Nkhope iziwoneka yometedwa kwa munthu amene waima patsogolo panu, zoti chala chikumvabe timinga n'zabwino, timingato ndi ndevu zimene zili kunja kwa khungu, komwe zikuyenera kukhala.
2. Kumeta pamwamba pa tiziphuphu takale. Lezala limadula mitu yake, mabala n'kuwonjezeka, ndipo malowo sapola.
3. Kuzula ndevu ndi kopanira, kapena kufinya. Ndevu yozulidwa imameranso kuchokera pansi, khungu litatseka kale pamwamba. Mawanga akuda ambiri amene timaona pachibwano amachokera pano.
4. Lezala lobuntha, lomwe limakoka ndi kung'amba ndevu m'malo moidula.
5. Kumeta mwa apo ndi apo. Kusiya sabata yathunthu kenako n'kumeta kwambiri Loweruka madzulo kumapatsa ndevu mpata wokula mpaka kupindikira m'khungu. Khungu likapola, ndi bwino kumeta mopepuka pakapita masiku 2 kapena 3 aliwonse.
6. Kolala yothina. Alonda ndi ena ovala yunifolomu ya tayi tsiku lonse amadziwa mzere wa tiziphuphu umene umatsatira kolala. Ngati n'kotheka masulani batani lapamwamba, kapena musamete mzere wa m'munsiwo ndi lezala.

Ngati tatuluka kale, chitani izi:

- Siyani lezala pafupifupi milungu 4. Masiku oyambirira zimaoneka ngati zikuipiraipira chifukwa ndevu zonse zikukulira limodzi. Pirirani, zikatalika zimadzivundukula zokha.
- Pa nthawiyi muzidula ndi makina ometera tsitsi, kusiya pafupifupi milimita imodzi. Makinawo asakhale aja osongoledwa kuti azimeta mpala.
- M'mawa ndi madzulo thowani ndi nsalu yofunda, kenako zungulizani burashi yofewa pang'onopang'ono kuti ndevu zogona zidzuke.
- Kandevu kooneka bwino kuti kapindika, kavundukuleni nsonga ndi singano yotsukidwa bwino, osakazula. Kamene sikakuoneka musakakumbe.
- Ku Clicks kapena ku Dis-Chem funsani wa mankhwala zopaka zokhala ndi salicylic acid kapena glycolic acid, zimathandiza kuti khungu lisatsekere ndevu. Benzoyl peroxide amathandiza pamene pali timafinya, koma amasukulutsa thaulo, pilo ndi kolala. Hydrocortisone wa 1% amaziziritsa kutupa, koma ndi wa masiku ochepa chabe.

Ena amathawira ku ufa wometera wa Magic. Ufawu umasungunula ndevu, choncho nsonga yake siikhala yosongoka, ndipo alipo amene amawayanja. Koma ndi mankhwala amphamvu. Yesani kaye pakamalo kakang'ono, musapitirire mphindi zolembedwa pachitini, musaupake pakhungu la mabala, ndipo musauphatikize ndi lezala tsiku limodzi. Mabala a ufa umenewu amaposa a lumo.

Nanga ngati abwana akufuna nkhope yosalala tsiku lililonse? Ambiri a ife kuno ntchito sitisankha, ndipo kukangana ndi bwana pa nkhani ya ndevu si chinthu chapafupi. Pitani kukiliniki, afotokozereni vutolo, mupemphe kalata yonena kuti pazifukwa zaumoyo muzidula ndi makina. Kalata imalankhula bwino kuposa inu. Ndipo tinene mosabisa: alipo amuna amene khungu lawo silidzagwirizana ndi lezala lililonse, kaya la Merkur wa ku Germany kaya la pa kagolosale ka spaza. Kwa amenewa ndevu zazifupi zosamalidwa bwino ndiwo mankhwala. Amene ali ndi ndalama dokotala wa khungu angawauze za kuchotsa ndevu ndi kuwala kwa laser, ndipo pakhungu lakuda amagwiritsa ntchito ya mtundu wa Nd:YAG. Ya mtundu wolakwika imawotcha.

## Mukudzicheka

Timadontho ta magazi tiwiri titatu pamasabata oyamba si nkhani. Koma ngati kumeta kulikonse kukutha ndi mabala, fufuzani motere:

1. Lumo likutsetsereka cham'mbali. Lezala limameta likamayenda molunjika kutsogolo, likayenda motsatira mpeni wake limacheka. Zimachitika kwambiri posintha mbali, lumo lili pakhungu. Linyamuleni kaye.
2. Mikwasa yaitali komanso yothamanga. Nkhope si yathyathyathya. Yendani masentimita 2 kapena 3, nyamulani, yambaninso. Amene akuthamangira takisi ya 5 koloko m'mawa ndi bwino azimeta madzulo.
3. Mutu sunamangike bwino. Musanayambe, yang'anani lumo kuchokera pamwamba. Lezala lizionekera mofanana mbali zonse ziwiri. Ngati mbali ina latuluka kwambiri, masulani, liwongoleni, mangani mpaka lilimbe. Pa malumo a zidutswa zitatu onaninso kuti kambale kapansi sikanatembenuzidwe. Malumo ena otchipa kwambiri amabwera opindika kuchokera kufakitale, ndipo amenewo sakonzeka.
4. Tiziphuphu ndi njerewere. Zizindikireni musanapake thovu, muzizilambalala.
5. Lezala lakuthwa kuposa luso lanu. Feather wa ku Japan ndi wakuthwa zedi ndipo sakhululuka. Woyamba kumene ayambe ndi Astra, Derby kapena Minora.

Pakholingo, mezani mate n'kugwira kaye kuti pasalale, kapena kankhirani khungu pambali pang'ono. Pansi pa mphuno ndi pachibwano muzimalizira, ndevu zake ndi zolimba ndipo zimafuna kukhalitsa m'thovu.

Mukadzicheka tsukani ndi madzi ozizira, kanikizani ndi kansalu koyera, kenako ikani alamu kapena kapensulo koletsa magazi ka ku famase. Phulusa, mankhwala otsukira mano ndi kapepala ka nyuzi zisafike pabala.

## Lumo likukoka ndevu kapena kudumphadumpha

1. Ndevu sizinanyowe mokwanira. Ndevu youma ndi yolimba kwambiri, ikamwa madzi imafewa. Zimafuna mphindi ngati 3 za madzi ofunda. Njira yapafupi ndi kumeta mukangosamba. Kwa amene tikukhala m'zipinda za kuseli zopanda giza, kapena magetsi akazima, ketulo imodzi yosakaniza ndi madzi ozizira m'beseni imakwana: nyowetsani thaulo, ligoneni pankhope, bwerezani kawiri. Madzi akhale ofunda, osati otentha.
2. Lezala latha. Ambiri amalimeta ka 3 mpaka ka 5. A ndevu zokhakhala mwina kawiri kokha. Musaliumirire, ndilo chinthu chotchipa pa zonse muli nazo.
3. Ndevu zatalika. Zikapitirira masiku 4 kapena 5, yambani ndi makina kapena sizasi.
4. Mutu watsekeka ndi ndevu ndi thovu. Tsukani pakapita mikwasa ingapo, muzigwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri za lezala.
5. Thovu louma, onani m'munsimu.
6. Lezala ndi lumo sizikugwirizana. Zimachitika, lezala limene mnzanu amalitamanda kwa inu limakoka. Gulani timapaketi ta mitundu iwiri itatu musanagule bokosi la 100 pa sitolo ya pa intaneti ya Takealot. Koma izi zikhale zomalizira kuyesa, anthu amathamangira kuimba mlandu lezala pomwe vuto ndi madzi.

## Thovu likukana

Thovu labwino limanyezimira, lilibe timabowo tooneka, ndipo mukalitikita pakati pa zala limaterera. Kuchuluka kwake si nkhani, chofunika ndi kuterera.

- Likuuma n'kuyamba kugwa ngati fumbi musanamalize tsaya limodzi: madzi achepa. Ili ndiye vuto la ambiri, ndipo Joni amalikulitsa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umakhala wouma kwambiri. Viikani nsonga za burashi m'madzi, takasaninso, onjezerani pang'onopang'ono. M'nyengo yozizira pakani ndi kumeta mbali imodzi kaye.
- Lili ndi timabowo tambiri ndipo likuzimiririka: sopo wachepa. Finyani burashi pang'ono, izungulizeni pa sopo kwa masekondi 30 kapena kuposa, mpaka tsitsi lake limatane. Kenako muyambe kuthira madzi.
- Likuyenderera mpaka pachifuwa: munayamba ndi burashi yodontha madzi.
- Silikugwira n'komwe: onani ngati munapaka Vaseline kapena mafuta ena musanamete, mafuta amapha thovu. Onaninso sopo. Sunlight ndi Lifebuoy ndi ochapira ndi osambira, thovu lawo silikhalitsa ndipo amaumitsa nkhope. Ngati ndalama zavuta, kirimu wometera wa m'chubu ngati Palmolive, kapena kamtengo ka sopo wa Arko, zimakhala miyezi.
- Burashi ya ubweya wa nguluwe yatsopano imameza thovu masabata oyamba. Iviikeni mphindi zingapo musanayambe, idzafewa yokha. Kwa abale athu achisilamu, komanso aliyense wosafuna kuvutika, burashi ya ulusi wopanga ndi yabwino: siinunkha, siifuna kuviika, imauma msanga.
- Madzi. A m'mipopi ya mumzinda, ochokera ku Vaal Dam, savuta kwenikweni pa sopo. Amene angavute ndi a m'mijigo ya m'mapuloti, kumene abale ambiri akugwira ntchito za m'munda, chifukwa ena amakhala ndi laimu wambiri. Yesani ndi kapu ya madzi osefedwa ogula. Thovu likatuluka bwino, mwapeza gwero.

## Ndevu zikutsalira malo ena

Kawirikawiri ndi pansi pa nsagwada ndi pachibwano, pomwe nkhope imakhota koma dzanja silinakhote nayo. Chogwirira chizitsatira kupindikako. Mwinanso simunaone kuti pamalopo ndevu zagonera kwina. Pakani thovu, dutsani kamodzi mopingasa, zikakana zisiyeni. Musagule lumo lolusa chifukwa cha kamalo kamodzi.

## Khungu latuwa, lathetheka, kapena latsala ndi mawanga akuda

Kutuwa kumachokera ku madzi otentha kwambiri, sopo wolakwika, alamu wosatsukidwa, sipiriti, ndi mphepo ya Juni ndi Julayi. Tsukani ndi madzi ozizira, pukutani mogunda osati mokhula, pakani mafuta khungu lisanaumiretu. Nivea Men Sensitive amachita, glycerine wosakaniza ndi madzi pang'ono amachita, Vaseline wochepa usiku amachitanso. Aqueous cream, amene sasowa m'nyumba za kuno, ena amawanyerenyetsa akakhalitsa pakhungu chifukwa cha sodium lauryl sulphate amene amakhala m'mitundu yambiri. Akakuwotchani musiyeni.

Mawanga akuda ndi zipsera za kutupa. Amazimiririka okha, koma pamatenga miyezi, ndipo sangathe ngati tiziphuphu tatsopano tikutulukabe pomwepo. Dzuwa limawadetsa kwambiri, ndipo la kuno n'loopsa chifukwa cha kukwera kwa malo. Amene mumagwira ntchito panja, m'magadeni kapena pa zomangamanga, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 si a azungu okha.

Chimene ndikukupemphani, achimwene, ndi kupewa timachubu toyeretsa khungu togulitsidwa m'misewu ya m'tauni. Dziko lino la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990 litaona nkhope za anthu zikuda kwambiri m'malo moyera, mawanga ake osachokanso. Timachubu tina timakhala ndi mankhwala amphamvu ngati clobetasol kapena betamethasone. Sabata yoyamba tiziphuphu timaphwa, munthu n'kusangalala. Pakapita miyezi khungu limapyapyala, ziphuphu zenizeni zimabuka, ndipo ukasiya limalusa kuposa kale.

## Zida zikuwonongeka

Lezala likuchita dzimbiri: mukulisiya lonyowa. Masulani mutu pang'ono, tsukani, kutumulani madzi, sungani pouma. Osalipukuta mpeni ndi thaulo, mumalibunthitsa ndipo mungadzicheke. Zoyera zomatirira palumo ndi sopo wouma, mswachi wakale ndi sopo wotsukira mbale zimachotsa.

Burashi ikununkha kapena ikuthothoka: mwina imasungidwa m'chikwama isanaume, mwina mumaiviika m'madzi a m'ketulo. Kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 chifukwa cha kukwera kwa malo, koma amenewo ndi okwanira kufewetsa guluu wogwira tsitsi lake.

Malezala akale musawaponye m'bini ali pamtunda. Tonse timawaona anthu okoka matrole m'mawa akupisa manja m'mabini kufuna mabotolo ndi zitini, ndiponso m'mayadi athu muli ana. Boolani kampata pachivundikiro cha chitini, muziponyamo, chikadzadza chimateni ndi tepi. Mukamapita kumudzi pandege kuchokera ku OR Tambo, malezala aikeni m'chikwama chachikulu, m'chikwama cha m'manja saloledwa.

## Kubwerekana lumo, ndi za kubabashopu

Ambiri timakhala awiri atatu chipinda chimodzi, ndipo kumana mnzako chinthu si chikhalidwe chathu. Koma lumo, lezala ndi alamu ndi za munthu mmodzi. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposa, m'kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso. Mnzanu akasowa, mugulireni chake.

Kwa ometa a ku Fordsburg ndi Mayfair, amene amagwiritsa ntchito lumo lopinda lolowetsamo theka la lezala, onetsetsani kuti lezalalo alitulutsa m'pepala inu mukuona. Muwauzenso poyambirira kuti asatukule ndevu zapakhosi, chifukwa iwo luso lawo amalionetsera pa kusalala kwa nkhope.

Amene mumameta mpala, chiskop ija ya kuno, yang'anirani kunkhongo. Tiziphuphu tolimba toyabwa m'malire a tsitsi, timene sitikutha, tikhoza kukhala acne keloidalis nuchae. Tikalekereredwa timalumikizana n'kukhala chipsera chotukuka pomwe tsitsi silimeranso. Siyani lezala ndi makina osongoledwa pamalopo, ndipo musadikire.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kuchipatala

Pitani tsiku lomwelo ngati:

- magazi sakuleka mutakanikiza mphindi 10, kapena bala layasama. Amene mukumwa warfarin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, funsani adokotala musanayambe n'komwe kumeta ndi lumo lotere;
- kutupa kukufalikira, pamalopo pakutentha ndi kupweteka, kapena mwayamba kutentha thupi;
- milomo, maso kapena nkhope yonse yatupa mutapaka chinthu chatsopano. Kupuma kukavuta imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177.

Pitani m'sabata yomweyo ngati:

- tiziphuphu tili ndi mafinya ambiri, nkhanambo zachikasu, kapena chithupsa. Apa mwalowa tizilombo ndipo pangafunike mankhwala akumwa;
- pali chigamba chozungulira choyabwa, ndevu zikuthothoka pamenepo. Chikhoza kukhala chipere cha m'ndevu, chimene zopaka zokha sizichiza kawirikawiri, ndipo hydrocortisone amachikulitsa;
- pali timatuza tamadzi pafupi ndi milomo, lezala limatifalitsa;
- zipsera zayamba kutukuka ndi kulimba, pachibwano kapena kunkhongo;
- mwasiya lezala milungu 6 koma palibe kusintha;
- pali bala kapena kanthu komera kamene kakutuluka magazi nthawi iliyonse mukameta ndipo sikakupola;
- muli ndi matenda a shuga kapena chitetezo cha m'thupi chotsika, ndipo kabala kakuchedwa kupola.

Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu kapena kwa dokotala wamba. Iwo ndi amene amalemba kalata yokutumizani kwa madokotala a khungu ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph ku Auckland Park kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Musamete kwa masiku angapo musanapite kuti aone vutolo mmene lilili, ndipo musapake kanthu m'mawa wake. Tengani chilichonse chimene mwakhala mukupaka, ngakhale kachubu kogula mumsewu kaja, chifukwa mankhwala amene angakupatseni amadalira zimene khungulo lalandira kale. Ngati vutolo limabwera n'kupita, lijambuleni pafoni tsiku limene lalusa.